Funsani Tikuyankheni: Mlatho wa pa Rhine ku Leverkusen

Mwezi uno tasonkhanitsa makalata amene akufunsa za chinthu chimodzi, ndicho mlatho wa msewu waukulu wa A1 umene umawoloka mtsinje wa Rhine pakati pa mzinda wa Leverkusen ndi mzinda wa Cologne m'dziko la Germany. Ambiri mwa inu dzina la Leverkusen munalidziwira ku mpira, makamaka mu 2024 pamene timu ya Bayer Leverkusen inatenga ligi ya dzikolo osagonja ngakhale kamodzi. Chaka chomwecho anthu a mumzindawo anali ndi china chowasangalatsa, chimene anachidikira kwa nthawi yaitali, ndipo chimenecho ndicho tikambe pano. Makalata ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga amene ali pasukulu ku Germany anandiuza kuti kwa zaka pafupifupi khumi mathiraki sankaloledwa kuwoloka mlatho wina waukulu pafupi ndi Cologne chifukwa unali utang'aluka. Ine ndinakula ndikumva kuti chinthu chopangidwa ndi Ajeremani sichitha msanga. Kodi mwanayu akunena zoona, nanga zinatheka bwanji? (Bambo wopuma pantchito yauphunzitsi)

YANKHO: Bambo, mwana wanu sanakunamizeni. Mlatho umene akunenawo unatsegulidwa mu Julayi 1965, ndipo pa nthawiyo unali wonyaditsa. Kutalika kwake konse kunali mamita 1,061, kuphatikiza gawo lachitsulo lowoloka mtsinje weniweniwo ndi gawo la konkire lodutsa pamwamba pa dambo la tsidya la Cologne, limene limamira mtsinje ukasefukira. Pakati pa zipilala zake ziwiri zikuluzikulu panali mpata wa mamita 280 wosiyidwira sitima zapamadzi. Msewu wa pampata umenewu unkanyamulidwa ndi zingwe zachitsulo zochokera pamwamba pa nsanja ziwiri zoimikidwa pakati pa msewu, ndipo zingwezo zinkatsika mopendekera kukagwira thupi la mlatho.

Amene anaumanga anawerengera kuti pa tsiku pazidutsa magalimoto pafupifupi 40,000. Pofika m'zaka za m'ma 2010, pankadutsa magalimoto opitirira 120,000 pa tsiku, ndipo pafupifupi 14,000 mwa iwo anali mathiraki. Kuchuluka kumeneku kuli ndi zifukwa zake. Msewu wa A1 pamalo amenewa ndi mbali ya misewu ikuluikulu imene inazungulira mzinda wa Cologne ngati mkombero, choncho aliyense wofuna kulambalala mzindawo chakumpoto amadzera pomwepo. Tsidya la Leverkusen kuli mafakitale akuluakulu a mankhwala kumene kuli likulu la kampani ya Bayer, pamene tsidya la Cologne kuli fakitale ya magalimoto ya Ford. Kuwonjezera apo, malire a pakati pa kum'mawa ndi kumadzulo kwa Ulaya atatseguka kuyambira mu 1989, katundu wochokera ku madoko a Rotterdam ndi Antwerp anayamba kuyenda wambiri pamsewu kupita m'mayiko a kum'mawa, ndipo dziko la Germany lili pakati penipeni pa ulendowo. Palibe injiniya wa mu 1960 amene akanalota zimenezi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachitchula, koma ife timachiona kuti n'chachikulu. Poyamba mlathowu unali ndi mizere inayi ya magalimoto, iwiri yopita ndi iwiri yobwera, ndipo m'mphepete munali malo oimapo galimoto ikawonongeka. Magalimoto atachuluka, akuluakulu a misewu anasandutsa malo a m'mphepetewo kukhala mizere yoyendamo, mizere yonse n'kukwana isanu ndi umodzi. Tsono lamulo la ku Germany limafuna kuti galimoto yoyenda pang'onopang'ono izikhala kudzanja lamanja, ndiye kuti mathiraki olemera kwambiri anayamba kuponda kumapeto kwenikweni kwa mlatho, pa mbali yotulukira kunja ngati khonde, imene poyamba inkangoyembekezera galimoto imodziimodzi yofa. Katundu wolemera koposa anasenzetsedwa pamalo ofooka koposa, usana ndi usiku, kwa zaka zambiri.

Ming'alu yoopsa inapezeka m'chitsulo mu 2012, ndipo kumapeto kwa Novembala chaka chimenecho boma linaletsa galimoto iliyonse yolemera kupitirira matani 3.5. Atakonzako, anawalolanso mathiraki mu Malichi 2013, koma ming'alu inayambiranso, mwakuti mu Juni 2014 chiletso chija chinabwerera ndipo sichinachotsedwenso mpaka mlatho wakalewo unapuma ntchito kumayambiriro kwa 2024. Zaka pafupifupi khumi zimene mwana wanu wanena n'zimenezo. Za mbiri ya Ajeremani pa zomangamanga, ife tikuona kuti omanga a mu 1965 alibe mlandu waukulu, popeza mlatho wawo unanyamula kuwirikiza katatu zimene anaulonjeza. Mlandu uli kwa amene ankaona magalimoto akuchuluka chaka ndi chaka koma ndalama n'kumazipititsa ku misewu yatsopano, yakale ikungopakidwa phula pamwamba.

FUNSO: Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndimapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Chitsulo chikang'aluka timachiwotcherera n'kulimbanso. N'chifukwa chiyani akatswiri a kumeneko sanangowotcherera ming'aluyo m'malo mowononga ndalama kumanga mlatho wina? (Wowerenga wa ku Ndirande)

YANKHO: Achimwene, anawotcherera ndithu, ndipo anachita zimenezo kwa zaka zambiri. Thupi la mlathowu linali ngati bokosi lalitali lachitsulo lokhala ndi mphako mkati, moti munthu ankatha kuyendamo choimirira. M'kati mwa bokosimo munkakhala amisiri anzanu pafupifupi tsiku lililonse, ena akuwalitsa tochi pa msoko uliwonse ndi kulemba chizindikiro pamene apeza mng'alu, ena akupala ndi kuwotcherera, ena akumangirira zitsulo zowonjezera ndi mabauti, uku pamwamba pa mitu yawo magalimoto akugunda ngati ziphaliwali. Vuto linali lakuti akatseka mng'alu uno, wina unkatulukira pafupi pomwepo.

Chimene chinkachitika akatswiri amachitcha kutopa kwa chitsulo, ndipo inu mumachidziwa bwino ngakhale mwina simuchitchula choncho. Mukafuna kudula waya koma mulibe pulayala, mumaupinda uku ndi uku pamalo amodzi, ndipo ngakhale kupinda kumodzi sikungauthyole, mukabwereza kangapo umatentha pang'ono kenako n'kuduka. Mlatho nawo umapindika pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, nthawi iliyonse imene tayala la thiraki lapondapo, kenako umawongoka thiraki ikadutsa. Mukawerengera mathiraki 14,000 pa tsiku, iliyonse ili ndi mizere ya matayala inayi kapena isanu, mupeza kuti pa chaka chitsulocho chinkapindidwa ndi kuwongoledwa maulendo opitirira mamiliyoni makumi awiri. Geti limene inu mumapanga limangonyamula kulemera kwake lokha, ndipo likamatsegulidwa kakhumi pa tsiku ndiye kuti lagwira ntchito kwambiri.

Kapangidwe ka msewu wa pamlathowo kanawonjezera vutoli. Pansi pa phula panalibe konkire yochindikala. Panali chitsulo chopyapyala chafulati, chimene kunsi kwake anawotchererako nthiti zachitsulo zambirimbiri, zina zotsata msewu, zina zopingasa. Kamangidwe kameneka kanafala kwambiri ku Germany nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chifukwa milatho ya pa Rhine inali itagwetsedwa, chitsulo chinali chosowa ndi chodula pamene amisiri analipo, ndiye nzeru inali yakuti agwiritse ntchito chitsulo chochepa koma misoko yambiri. Mlatho wotere ndi wopepuka ndipo umatha kuwoloka mpata waukulu. Koma inu mukudziwa kuti pamsoko ndi pamene chitsulo chinapsa n'kuzizira, pamene pamakhala timakwinya ndi timabowo tosaoneka, ndipo mng'alu umakonda kuyambira pamalo otere. Mlatho wa misoko zikwizikwi uli ndi malo zikwizikwi oyambira ming'alu. Pa nthawi imene ankaumanga, akatswiri anali asanamvetse mokwanira mmene misoko yotere imatopera pansi pa matayala.

Tsono kuwotcherera pamalo pamene panang'aluka kale kumatseka mng'aluwo, koma sikubwezera unyamata kwa chitsulo chozungulira, chimene nacho chapindidwa maulendo ofanana. Kutenthetsa malo amodzi mobwerezabwereza kumasinthanso chitsulo, ndipo pali malire a maulendo amene msoko umodzi ungakonzedwe. Chimene chinawopsa akuluakulu kwambiri chinachitika mu 2016, pamene anapeza mng'alu wotalika pafupifupi masentimita 40 pamalo pamene chingwe chimodzi chimagwirira thupi la mlatho. Mng'alu wa pa nthiti imodzi ungathe kudikira, popeza nthiti zinzake zimalandira katundu, koma pogwirira chingwe palibe wolandira. Mlatho unatsekedwa kotheratu kwa masiku angapo mu Ogasiti chaka chimenecho kuti akonze. Pofika apo aliyense anali atavomereza kuti ntchito ya amisiri a m'bokosi muja inali yongogula nthawi mpaka mlatho wina utamangidwa.

FUNSO: Ndine dalaivala wa mathiraki oyenda maulendo ataliatali, ndipo nkhaniyi yandikhudza. Magalimoto ang'onoang'ono ndi amene anali ambiri pamlathopo, koma olangidwa anali madalaivala a mathiraki okha. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Nanga anawaletsa bwanji, popeza ife madalaivala tikathina ndi nthawi chikwangwani chokha sichitibweza? (Dalaivala wa ku Lilongwe)

YANKHO: Tikuthokozeni chifukwa chonena chilungamo pa za chikwangwani, ndipo tifikako. Tiyambe ndi funso loyamba. Kuwonongeka kwa msewu kapena mlatho sikukula molingana ndi kulemera. Kumakula mothamanga kwambiri kuposa kulemerako. Pa kafukufuku wotchuka amene anachitika ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene ankayendetsa magalimoto olemera mosiyanasiyana pa misewu yoyeserera, anapeza kuti katundu wa pa ekiselo imodzi, ndiye kuti mzere umodzi wa matayala, akawirikiza kawiri, msewu umawonongeka kuwirikiza pafupifupi maulendo 16. Chiwerengero cha pa chitsulo cha mlatho n'chosiyanako, koma mfundo yake ndi yomweyo. Galimoto yaing'ono yolemera tani imodzi ndi theka imadutsa chitsulo osaimva n'komwe, pamene thiraki ya matani 40, amene ndi malire a masiku onse ku Germany, imachipinda ndithu. Ndiye kuchotsa magalimoto ang'onoang'ono zikwi khumi sikukanathandiza ngati mmene kunathandizira kuchotsa mathiraki ochepa. Anachepetsanso liwiro la onse otsalawo kufika makilomita 60 pa ola, chifukwa galimoto yothamanga imagwedeza mlatho kwambiri ikaponda pamalumikizo.

Kuti zinali zowawa kwa madalaivala, palibe angatsutse. Wofuna kuwoloka Rhine ankayenera kuzungulira kudzera pa mlatho wa Rodenkirchen kumwera kwa Cologne, pa msewu wa A4, kapena kukwera kumpoto mpaka mlatho wa Flehe ku Düsseldorf, pa msewu wa A46. Uku n'kuwonjezera makilomita ambiri, dizilo wambiri ndi nthawi, m'dziko limene maola a dalaivala amalembedwa ndi makina a m'galimoto ndipo apolisi amawayang'ana. Makampani a tsidya lina amene makasitomala awo anali tsidya linalo, moti ankatha kuwaona ndi maso kuwoloka mtsinje, ankatumiza thiraki ulendo wozungulira ngati wopita kutali. Milatho inayo nayo inalandira katundu amene sunali wake, ndipo inayamba kudandaula.

Za chikwangwani, munanena zoona, ndipo madalaivala a ku Ulaya sasiyana ndi inu. Ngakhale panali zikwangwani ndi chindapusa, tsiku lililonse mathiraki ambiri ankawolokabe, ena chifukwa chotsatira makina olozera njira osawerenga zolembedwa m'mphepete, ena chifukwa chowerengera kuti chindapusa n'chotsika mtengo kuposa kuzungulira. Mu 2016 boma linaika zotchinga mbali zonse zolowera pamlatho. Galimoto ikamayandikira inkapimidwa kulemera ndi kukula kwake ikuyenda, ndipo makina akaona kuti yapitirira muyezo, magetsi ofiira ankayaka, mtanda n'kutsika kutsogolo kwake. Magalimoto onse a kumbuyo ankaima, dalaivala uja n'kulozeredwa kanjira kotulukira pambali. Kuona mtanda ngati wa pa njanji utatsika pakati pa msewu waukulu wa ku Germany chinali chinthu chochititsa manyazi kwa akuluakulu a dzikolo, koma chinagwira ntchito imene zikwangwani zinalephera.

FUNSO: Ndimamva kuti pa misewu ikuluikulu ya ku Germany munthu amathamanga mmene akufunira. Nanga liwiro la 60 mwatchulalo likuchokera kuti? (Mtsikana wa sukulu ya sekondale)

YANKHO: Mwana wathu, zimene unamvazo n'zoona mwa mbali chabe. Misewu imeneyi, imene eni ake amaitcha Autobahn, ilibe malire a liwiro ogwira ntchito paliponse kwa magalimoto ang'onoang'ono, ngakhale boma limalangiza kuti asapitirire makilomita 130 pa ola. Koma pafupi ndi mizinda, pamphambano, pamene akukonza msewu ndi pamilatho yofooka pamakhala zikwangwani za liwiro, ndipo zimenezo ndi lamulo. Mathiraki saloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola paliponse. Kuzungulira Cologne nthawi ya m'mawa ndi madzulo, dalaivala amathokoza akakwanitsa ngakhale 60 yomweyo.

FUNSO: Ngati vuto linadziwika mu 2012, n'chifukwa chiyani mlatho watsopano unatsegulidwa mu 2024? Dziko lolemera chonchija lingatenge zaka khumi ndi ziwiri pa mlatho wa kilomita imodzi? (Mayi wogwira ntchito yowerengera ndalama)

YANKHO: Mayi, funso lanu Ajeremani eni ake anadzifunsa kambirimbiri m'nyuzipepala zawo. Zifukwa zake n'zingapo, ndipo si zonse zimene zili zochititsa manyazi.

Choyamba chinali nthaka. Tsidya la Leverkusen, pamene msewu umatsikira kuchoka pamlatho, pali malo otchedwa Dhünnaue, amene kwa zaka zambiri m'zaka za m'ma 1900 anali dzala lotayirako zinyalala za mumzinda pamodzi ndi zotsalira za m'mafakitale a mankhwala. Dzalalo linadzatsekedwa ndi kuphimbidwa mosamala kuti poizoni asatuluke, ndipo pamwamba pa mbali ina anapangapo paki. Kuti akulitse msewu ndi kuzika zipilala zatsopano, panafunika kuboola chophimba chija. Anthu okhala pafupi anachita mantha, ndipo mantha awo anali omveka. Ntchito yokumba inkachitikira m'kati mwa zimatenti zotsekedwa, mpweya wa m'katimo ukusefedwa usanatuluke, antchito atavala zodzitetezera, ndipo dothi lokumbidwalo linkanyamulidwa m'makontena otseka. Kukumba kotere sikufulumira.

Chachiwiri chinali mkangano wa zimene ziyenera kumangidwa. Magulu a anthu a ku Leverkusen ankafuna kuti msewu udutse pansi pa nthaka, ngakhale pansi pa mtsinje, popeza mzinda wawo unadulidwa kale ndi misewu ikuluikulu, ndipo mbali ina ya A1 imadutsa pamwamba pa zipilala m'kati mwa mzinda, pafupi ndi bwalo la mpira la timu ya Bayer Leverkusen ija. Boma linakana ponena kuti ngalande ya pansi ingatenge nthawi yaitali kuposa imene mlatho wodwalawo ukanapirira. Nkhaniyi inakafika ku khoti lalikulu loona milandu yokhudza boma ku Leipzig, limene mu Okutobala 2017 linagamula kuti ntchito ipitirire. Ntchito yomanga inayamba mu Disembala chaka chomwecho, ndipo chiyembekezo chinali chakuti gawo loyamba litha mu 2020.

Chachitatu ndicho chinawawitsa mitima. Kampani imene inapambana ntchitoyi, ya Porr ya ku Austria, inapangitsa zigawo zachitsulo ku China. Oyang'anira ntchito a boma atazipima ananena kuti zinali ndi zolakwika zambiri, makamaka pa misoko yowotcherera, zimene sizikanakonzeka mokhutiritsa. Kampaniyo inatsutsa, inati zolakwikazo zinali zotheka kukonza. Mu Epulo 2020 boma linathetsa mgwirizanowo, ndipo ntchito inayenera kuitanidwanso mwatsopano, zimene zinadya zaka zina. Ambiri anakwiya, koma ife tikaganiza timaona kuti zikanakhala zodabwitsa kulandira zitsulo zokayikitsa pa misoko pomanga mlatho wolowa m'malo mwa wina umene unafa ndi matenda a misoko. Makampani ena ogwirizana anapatsidwa ntchitoyo mu 2021, ndipo iwo anaimaliza m'zaka zosakwana zitatu.

Mlatho watsopano unatsegulidwa pa 4 Febuluwale 2024, msewu utatsekedwa kwa milungu iwiri kuti aulumikize. Kuyambira tsiku limenelo mathiraki anayambanso kuwoloka, ndipo mitanda ija inachotsedwa. Dziwani kuti umenewu ndi theka chabe la ntchito yonse. Mapulani ake ndi a milatho iwiri yoyandikana, uliwonse wonyamula magalimoto opita mbali imodzi, uliwonse uli ndi nsanja zake ndi zingwe zake, ndiponso njira ya oyenda pansi ndi apanjinga. Woyambawu unamangidwa chakumpoto kwa wakale, ndipo unayamba ndi kunyamula magalimoto a mbali zonse m'mizere yopanikizana, pamene wachiwiri malo ake ndi pomwe panali wakale uja. Ubwino wa milatho iwiri ndi wakuti tsiku lina wina ukadzafuna kukonzedwa, magalimoto adzasamukira pa unzake m'malo mozungulira dera lonse.

FUNSO: Ndinaonapo pa kanema akugwetsa mlatho wina ku Germany ndi mabomba, unagwa m'masekondi ochepa. Kodi wa ku Leverkusen anaugwetsanso choncho? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Umene munaonawo uyenera kuti ndi mlatho wa Rahmede, wa pa msewu wa A45 pafupi ndi tauni ya Lüdenscheid, umene unatsekedwa mwadzidzidzi mu Disembala 2021 ndipo unaphulitsidwa pa 7 Meyi 2023. Umenewo unkawoloka chigwa, ndipo pansi pake anatha kuwunjikapo dothi loti ugwerepo. Wa ku Leverkusen sakanauchita choncho, chifukwa pansi pake pali Rhine, mtsinje wotalika makilomita pafupifupi 1,230 kuchokera kumapiri a ku Switzerland mpaka kunyanja ku Netherlands, umene ndi msewu wapamadzi wotanganidwa kwambiri ku Ulaya. Sitima zake n'zazitali ndi zafulati, ndipo zimanyamula mafuta, malasha, miyala ya chitsulo, mankhwala ndi makontena usana ndi usiku. Madzi a mtsinjewu atachepa kwambiri ndi chilala cha mu 2018, sitima zinkanyamula katundu wochepa, ndipo malo ena omwetsera mafuta m'derali anasowa petulo. Kugwetsera matani zikwizikwi a chitsulo m'njira yotere kukanatseka khomo la mafakitale a mayiko angapo.

Panalinso zifukwa ziwiri. Mlatho watsopano unali pafupi kwambiri, magalimoto akuyendapo. Komanso wakalewo unali ndi zinthu zoopsa ku thanzi zimene omanga a kale ankagwiritsa ntchito, monga asibesitosi, ndipo zoterezi siziyenera kugwera m'madzi kapena kuuluka ngati fumbi. Choncho anauphwasula pang'onopang'ono motsatira mmene unamangidwira koma chobwerera m'mbuyo, kudula pakati, kuchotsa chigawo chimodzichimodzi kulowera ku zipilala, ndi kumasula zingwe mwadongosolo. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa mmene imamvekera, popeza mlatho wa zingwe uli ngati sikelo ya mbale ziwiri, ukachotsa kulemera mbali imodzi inayo imafuna kupendekeka, ndipo apa ankachita ndi chitsulo chimene ankachidziwa kale kuti n'chotopa.

FUNSO: Kodi ndalama zomangira milatho yotere zimachokera kuti, ndipo kodi vutoli linali la mlatho umodzi wokhawu? (Bambo wochita bizinesi ya zomangamanga)

YANKHO: Misewu ya Autobahn ndi ya boma lalikulu la dziko lonse. Kale inkayang'aniridwa ndi maboma a zigawo, ndipo ntchito ya ku Leverkusen inayambidwa ndi nthambi ya misewu ya chigawo cha North Rhine-Westphalia, koma kuyambira pa 1 Januwale 2021 yonse ili m'manja mwa kampani ya boma yotchedwa Die Autobahn GmbH des Bundes. Magalimoto ang'onoang'ono salipira kalikonse poyenda pa misewu imeneyi. Mathiraki amalipira kuyambira mu 2005, molingana ndi makilomita amene ayenda, kukula kwa galimoto ndi utsi umene imatulutsa, ndipo palibe zipata zoimirapo chifukwa kamakina ka m'thiraki ndi kamene kamawerengera. Ndalama zimenezo pamodzi ndi za misonkho ndizo zimamanga ndi kukonza.

Vutoli silinali la Leverkusen yokha, Bambo. Milatho yambiri ya kumadzulo kwa Germany inamangidwa pakati pa 1960 ndi 1985, ndiye ikukalamba nthawi imodzi ngati ana obadwa chaka chimodzi. Chakumunsi kwa mtsinje womwewo, mumzinda wa Duisburg, mlatho wa Neuenkamp wa pa msewu wa A40, wa zingwe ngati wa ku Leverkusen ndipo wocheperapo zaka zochepa, unadwala matenda omwewo a ming'alu, nawonso unaikiridwa sikelo ndi mitanda yobweza mathiraki olemera mopitirira, ndipo gawo loyamba la wolowa m'malo mwake linatsegulidwa mu Novembala 2023. Pakati pa Mainz ndi Wiesbaden, mlatho wa Schierstein unatsekedwa kwa milungu ingapo mu 2015 mbali ina yolowera pamlathopo itatitimira. Chimene chinadzidzimutsa dziko lonse chinachitika ku Dresden usiku wa pa 11 Seputembala 2024, pamene gawo la mlatho wa Carola linagwera mu mtsinje wa Elbe patangopita mphindi zochepa sitima ya mumzinda itadutsapo. Umenewo sunali wa Autobahn, unali wa konkire, ndipo chimene chinaupha ndi dzimbiri ndi kuthetheka kwa zingwe zachitsulo zobisika m'kati mwa konkireyo. Mwamwayi panalibe munthu pamlathopo.

Popeza ndinu womanga, tikuuzeninso za mlatho wa Rodenkirchen umene tautchula kale, umene unalandira mathiraki ambiri othawa ku Leverkusen. Unatsegulidwa mu 1941 uli wolenjekeka pa zingwe ziwiri zikuluzikulu, unagwetsedwa ndi nkhondo mu Januwale 1945, ndipo unamangidwanso mu 1954 pogwiritsa ntchito nsanja zake zakale zimene zinatsala zili chiimire. Magalimoto atachuluka, pakati pa 1990 ndi 1994 anaukulitsa pomanga mlatho wina wofanana nawo m'mbali mwake n'kuwonjezera chingwe chachitatu, moti chingwe chapakati chimanyamula mbali zonse ziwiri. Nawonso tsopano wayamba kuonetsa kutopa, ndipo akuluakulu a misewu akufuna kuumanganso, pamene anthu ambiri a ku Cologne akukana chifukwa uli m'kaundula wa zomangidwa zakale zotetezedwa ndi lamulo.